Funso Limodzi kwa a Nduna

Anzanga, mtundu wanga wokondedwa, nditamva maganizo a mbali zonse zokhudzidwa, ndikulengeza kuti kuyambira lero ndatula pansi udindo wokhala patebulo la pakona mu library, lija lili pafupi ndi soketi yokhayo yogwira ntchito. Ofuna mpandowu, kampeni yatsegulidwa.

Patebulo pomwepo ndi pomwe ndinakumana ndi mtsikana wina.

Anabwera atakumbatira mulu wa nyuzipepala zakale, laptop yake ili pa 3 percent.

"Achimwene, mungandibwerekeko soketiyo?"

"Mwalemba kalata yopempha?"

"Foni yanu yadzaza kalekale. Mukungokakamira pampando ngati anthu ena ake."

Basi anzanga. Boma la mumtima mwanga linagwa popanda kulira mfuti.

Zinapezeka kuti tinali kalasi imodzi ya Public Speaking, anthu mazana awiri. A lecturer athu anali ndi kachitidwe kawo: safunsa maganizo ako, umangotola kapepala m'chipewa. Mutu unali umodzi: kodi utsogoleri womwe ulipowu upitirire? Iye anatola "Eya", ine "Ayi". Ukamaliza speech yako, mmodzi wa mbali inayo amakufunsa funso limodzi, ndipo funsolo nalo linali ndi malikisi ake.

Ndinamutcha Nduna. Iye ankanditcha Otsutsa.

Masabata atatu tinakhala tikufufuza limodzi, iye akusaka zomwe boma lachita, ine zomwe linaiwala kuti linalonjeza. Ntchito yanga inali yopepuka, ndivomere.

"A Nduna, msewu uwu anautsegulira kawiri. Mwauwerenga kangati?"

"Kawiri. Anthu anavina kawiri."

"Nanga mlatho uwu?"

"Uli m'mapulani."

"Ngati chikondi chanu pa ine?"

"Chimenecho chinavomerezedwa kalekale, iwe ndiwe wosawerenga."

Ndinayenda tsiku lonse ndikumwetulira ngati wapatsidwa unduna!

Masana tinkalowa m'kalasi yopanda anthu, iye kutsogolo, ine kumbuyo ndi foni kuwerenga mphindi zake zisanu ndi ziwiri. Ankayankhula ngati madzi. Koma akafika pa ndime ya zaumoyo, mawu ankamuthawa. Tsiku lililonse, pomwepo.

Kutatsala tsiku limodzi, anangosiya pepala n'kukhala pansi.

"Ndime iyi ikundikanika."

"Chingerezi chake?"

"Ayi... amayi anga."

Anandiuza. Zaka ziwiri zapitazo mayi ake anadwala mwadzidzidzi. Ataitanitsa ambulansi anauzidwa kuti ilibe mafuta. Mchimwene wake anapeza galimoto patatha maola anayi. Mayiwo anatsirizikira pageti la chipatala.

"Ndiye mawa ndikaime ndinene kuti agula ma ambulansi atsopano zana. Ndipo n'zoona, agula." Anapukuta misozi ndi m'mphepete mwa juzi. "Pasukulu pano palibe akudziwa. Sindifuna kukhala mtsikana uja womvetsa chisoni."

Ndinamugwira dzanja. "Zathera m'chipinda muno."

Tsikulo linafika. Anzanga, Nduna inayankhula! Ziwerengero zili m'mutu, mawu osanjenjemera, ndime ija anaidutsa maso ali gwa. Ngakhale ife a "Ayi" tinaomba m'manja.

Kenako a lecturer anayang'ana pamndandanda kuti aone wofunsa funso. Dzina linatuluka langa.

Funso ndinali nalo kale pakhadi, lokhudza ntchito za achinyamata. Labwinobwino, lopanda mano. Koma mukundidziwa, ndine uja wosalephera kuseketsa. Ndisanaime n'komwe anyamata kumbuyo anali atayamba kale.

"Mumalize, Otsutsa!"

"Kapena wagulidwa ndi boma?"

"Wadyetsedwa ameneyo!"

Holo yonse kuseka. Makutu anga anatentha. Khadi lija ndinalipinda.

"A Nduna, mwatchula ma ambulansi zana. Tsiku lomwe mayi anu ankafuna imodzi yokha, inali kuti?"

Kenako wina anati "Eeeh!" ndipo madesiki anayamba kumenyedwa.

Iye anandiyang'ana. Sanakwiye, ndi chomwe chimandipweteka. Anandiyang'ana ngati munthu amene akuyesa kukumbukira komwe anandionapo.

"Inalibe mafuta," anatero. "Zikomo chifukwa cha funso."

Anakakhala pansi. A lecturer anati funso ngati limenelo sanalimvepo chaka chonse, ndipo ena atengerepo phunziro.

Ndinamupeza panja pamasitepe akulongedza mapepala ake m'chikwama.

"Nduna, inali debate chabe..."

"Ndikudziwa. Research yako inali yabwino. Source yodalirika."

"Pepa. Anyamata aja anandi..."

"Usawanamizire. Pakamwa panali pako." Anatseka zipi. "Ukudziwa, anthu ndimawateteza aja amalonjeza pamsonkhano, kwa anthu osawadziwa. Iwe unalonjeza utandigwira dzanja."

Anatsika masitepe osacheuka.

Ndatumiza mameseji. Ndalemba kalata ya masamba anayi, speech yanga yabwino kuposa zonse zomwe ndinalembapo. Inabwerera ndi mnzake wogona naye chipinda chimodzi, envelopu ili chimatire.

"Iwe, musiye," mnzakeyo anatero. "Anthu akumuimitsa mukhonde, ena osawadziwa n'komwe, pepani apa, pepani apo. Anasiya kudyera ku cafeteria. Ine ndemwe ndikamufunsa kuti zili bwanji, amangoti bwino."

Anzanga, sabata iliyonse ndimalemba pano kuseka atsogoleri osasunga mawu awo, inu n'kumandipatsa tinkhope toseka tija. Lero musandipatse.

Poyamba ndinkati chomwe ndataya ndi chibwenzi. Koma chibwenzi munthu amalira n'kupeza china. Mtsikana uja anasunga maliro a mayi ake mumtima zaka ziwiri, n'kuyesa kamodzi kokha kuuzako munthu.

Sindikudziwa kuti adzayesanso liti.