Mdzukulu wa Mayi Etta Ali ndi Eni Ake

Mayi Etta akhala akusambitsa nkhalamba za eni m'nyumba yosungira okalamba ku Thamesmead, kutsidya la nyanja, kuyambira pamene mwana wawo Alinane ankayamba sukulu. Basi m'mawa, basi madzulo, mpaka msana unauma ngati thabwa. Chowalimbitsa mtima chinali chimodzi: Alinane akadzakula adzakhala pafupi, iwo n'kusiya ntchito, n'kumalera mdzukulu.

Koma ana a masiku ano! Umavutika kumuphunzitsa unamwino, iye n'kukathandiza anthu kumapeto kwa dziko. Alinane anapita ku Alaska, kumudzi wa anthu otchedwa Ayupiki, kopanda msewu, kofika kandege kokha, nakonso mphepo ikalola. Ankati akakhala chaka chimodzi. Mapeto ake anakwatiwa ndi Roy, mlenje wakomweko, n'kumatumiza zithunzi za nsomba zoyanika pamitengo ndi chipale chofewa chofika m'mawindo. Mayi ake akadandaula, iye ankangoti, "Mwana akabadwa tibwerera, Mum, promise."

Mwana anabadwadi, wamkazi. Mayi Etta dzina anali atasankha kalekale, poti kutcha mdzukulu woyamba ndi ulemu wa agogo. Anaimba foni ya vidiyo pa nthawi yopuma, atakhala m'kachipinda kochapira, nsapato atavula.

M'nyumba mwa Alinane munali mutadzaza anthu. Bambo wina waimvi anagwada pafupi ndi khandalo n'kumalilankhula motsitsa mawu, misozi ikuyenderera.

"Ndani amenewo?" anafunsa Mayi Etta.

"Mayi awo anamwalira mwezi watha," anayankha Alinane. "Kuno mwana amapatsidwa dzina la munthu amene wangomwalira kumene. Ndiye kwa iwowo, mayi awo abwerera. Akuwafunsa ngati ayenda bwino."

"Nanga dzina langa lija?"

"Likhala lachiwiri, Mum."

"Chabwino. Nanga kuno mubwera liti?"

Alinane anayang'ana kwa bambo aja, amene tsopano anali atanyamula khandalo m'manja. "Mum, how? Ndiwalande mayi awo kachiwiri?"

Mayi Etta anafuna kukalipa, koma mphamvu analibe. Chinawapweteka kwambiri n'chakuti bambowo sanali munthu woti n'kudana naye. Ankalira mmene Mayi Etta analirira mayi awo atamwalira ku Ntcheu, maliro n'kuwaonera pafoni. Belu la m'chipinda china linalira, nkhalamba ina ikufuna kutembenuzidwa. Mayi Etta anawerama movutikira n'kuvala nsapato.

"Uwauze achirikize khosi," anatero. "Sakuwagwira bwino mayi awowo."