Chimbudzi cha Aneba Chili Kwathu

Chikalata cha malo athu ku Limbuli bambo ankachisunga mu jumbo, pansi pa sutikesi. Palibe ankaloledwa kuchigwira. Ngakhale eni akewo sankachitsegula, ati chingade.

Tinachitsegula iwo atamwalira, pofuna kumanga mpanda. Apo m'pamene tinaona kuti oyeza malo anakhotetsa mzere wa malire. Papepalapo, chimbudzi cha aneba chinagwera kwathu, khitchini ya amayi n'kugwera kwa aneba.

Ine ndi anebawo, bambo achikulire amene anapuma ntchito ku esiteti ya tiyi, tinakwera minibasi imodzi kupita ku boma kukaonana ndi loya. Loyayo anangoyang'ana deti n'kutiuza kuti nthawi yokapempha khoti kuti likonze cholakwikacho inatha kalekale.

"Koma ife taziona dzana lomweli," ndinatero.

"Lamulo linayamba kuwerenga masiku pamene bambo anu anasaina," anayankha. "Silidikira kuti munthu atsegule sutikesi."

Anebawo ndi munthu woopa malamulo. Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse amayamba aima pakhomo pathu n'kuodira, kupempha kuti alowe m'chimbudzi chimene anakumba okha. Ndawaletsa mpaka kutopa, samva. Tsiku lina atatsegula m'mimba anaodira kasanu. Amayi nawo anayamba kuwapatulira ndiwo, ati si ulemu kuphika pamalo pa munthu iye osalawako.

Chikalatacho ndinachibwezera mu jumbo muja. Mpaka lero chilibe banga ngakhale limodzi.