Tsiku la Sitima Si la Msonkhano

Inu amene mukuti zanu zada, tamvani za Enelesi wa ku Mbungo, pa chilumba cha Likoma.

Dzinja la 1999 linamupeza ali wamasiye, ana atatu ali m'manja. Usipa umene anagula ndi kandalama kachipepeso unaolera pathandala, dzuwa osatuluka sabata yathunthu. Anakautaya yekha, ntchentche zikumuperekeza.

Mlamu wake Mateyu, wogulitsa nkhuni wa ku Cobue, kutsidya kwa nyanja, sanazungulire. "Alamu, ana a mkulu wanga sangagone ndi njala ine ndilipo. Mvula ikadzagwanso zinthu zili chonchi, ndidzawatenga."

Mawuwo anamulasa Enelesi mumtima, koma akanakana ndi chiyani?

Masiku amenewo kunali bungwe lina lophunzitsa amayi kuwamba nsomba mu uvuni wa mgolo, wosadya nkhuni zambiri. Mlangizi wake, mayi Marian, ankabwera pa sitima n'kuitanitsa msonkhano ku Chipyela sitimayo ili chiimire, kuti abwerere nayo yomweyo. Katatu konse anapeza mabenchi okhaokha.

Ulendo wachinayi Enelesi anapita, poti analibe choti n'kukagulitsa kudoko. Anapezeka yekhayekha.

"Basi, ndikanena kuti amayi a pa Likoma safuna," anatero mayi Marian akupinda mapepala. "Ntchitoyi tiitseka."

"Pepani amayi, ndilankhuleko," anatero Enelesi. "Tsiku la sitima ndiye msika wathu. Amene mukuwafunawo ali kudoko, madengu kumutu. Ine ndabwera chifukwa cha umphawi. Ife amalonda timatsata wogula, sitidikira kuti atitsate."

Mayi Marian anagwira pakamwa. Sitima inalira, iwo osakwera.

Sabata imeneyo anakhala ku Mbungo, akumuphunzitsa Enelesi kathiridwe ka mchere ndi kasonkhedwe ka moto. Utaka woyamba unapserera n'kukhala makala enieni. Wachiwiri ngakhale galu anaukana! Enelesi analira, n'kupukuta misozi, n'kusonkhanso moto. Wachitatu unatuluka wofiirira bwino, fungo lake mpaka kunjira.

Mayi Marian anafuna kugawa mauvuni khomo ndi khomo. Enelesi anaseka. "Chaulere chimasanduka chikwere cha nkhuku, amayi. Tiyeni nawo utakawu kudoko, anzanga auone ukugulidwa."

Tsiku la sitima dengu lake linatha ena asanatule awo. M'mawa mwake amayi asanu anali pakhomo pake kufunsa za uvuni. Bungwe lija linasintha: misonkhano Lachitatu, ndipo mphunzitsi Enelesi.

Mvula yotsatira itagwa, bwato la Mateyu linakocheza ku Mbungo. Anapeza mvula ikuwaza, mauvuni asanu ndi umodzi akufuka, ana akutafuna utaka, masaya ali phwii.

"Ndabwera monga ndinanenera," anatero, mawu akutsika okha.

"Mwachita bwino, alamu. Tsitsani nkhuni zonsezo, tigula. Koma ana anga sakwera bwato limenelo."

Mateyu anayang'ana anawo nthawi yaitali, kenaka anavula chipewa. Bwato linabwerera ku Cobue litanyamula madengu a utaka, osati ana.

Ndiye inu, musamadziderere kuti mulibe kanthu. Enelesi analowa mumsonkhano uja manja ali lende, koma ankadziwa chimene anthu ophunzira sankachidziwa, ndipo anachinena. Zanu zikapserera kawiri, sonkhaninso moto. Osataya mtima!