Anatisiya

Mu kampu ya anthu othawa nkhondo ija ndi ochepa ankadziwa dzina lake. Onse ankangoti Mayi Angati, chifukwa akafika pa tenti, asanakhale n'komwe pansi, funso linali lomwelo: “Munagona angati muno?”

Kwawo anali mphunzitsi, wa mtundu uja woti mwana akathawira pawindo amadziwa asanatembenuke. Nkhondo itawabalalitsa, bungwe lina lothandiza anthu linamulemba ntchito ya kalembera. Ankafunsa amene wabadwa, amene wafika, amene wachoka ndi amene wamwalira. Sankalowa m'matenti onse ayi. Ankadumpha matenti asanu ndi anayi n'kulowa yakhumi, ndiye imfa imodzi papepala inkaimira anthu khumi. Akuluakulu ankaona pamenepo kuti mankhwala atumize kuti.

Koma munthu wowerenga abale a eni akeyu anali ndi wake wosowa. Mlongo wake, telala, anasiyana naye pa mlatho tsiku lothawa. Miyezi isanu inatha, mbiri yake zii.

Masana ena, atakhala pa benchi yogwedera mu ofesi ya malata, ankaunika mafomu a mnzake, bambo amene kale anali kalaliki, wolemba mokongola koma wopupuluma. Pa fomu yachitatu anaona dzina la mlongo wake, zaka zake, ndi chizindikiro m'bokosi la omwalira. Sanalire. Anangoona nambala ya tenti n'kunyamuka, fomuyo ili m'manja.

Tentiyo inali kutali, kupitirira mathanki a madzi. Anapeza mlamu wake, mkazi wa telala uja, akuchapa. Anakumbatirana, thovu n'kunyowetsa fomu.

“Mlamu, ndionetseni manda,” anatero Mayi Angati.

“Manda a ndani?”

“Si munauza akalembera kuti bambo a ana anakusiyani?”

“Anatisiyadi, mwezi wathawu,” anayankha mlamuyo, akufinya malaya ngati akufinya khosi la munthu. “Ali kuseri kwa chipatala uko, kwa mayi wogulitsa sopo. Ndi mashini omwe ananyamula.”

Mayi Angati anangoti khu! pansi, pamatope pomwepo, n'kuyamba kuseka, misozi ili mbwembwembwe.

“Mukuseka chiyani, mlamu? Ine zikundiwawa.”

“Pepani, mlamu wanga, pepani kwambiri. Ndikamukalipira mpaka makutu amuwawe. Koma ndiyambe ndamuona.”

Anakamupezadi, tepi ili m'khosi, akupinda thalauza la munthu, atanenepanso kumene, wopanda manyaziyo. Telalayo atamuona anaimirira, pakamwa pali yasa.

“Achemwali, muli moyo?”

“Funso limenelo ndi langa, iwe,” anatero, n'kumukoka khutu ngati mwana wa sitandade wani. Khutulo linali lofunda. Analigwira nthawi yaitali, ndipo mtima wake unakhala pansi koyamba chichokere pa mlatho paja.

Kuyambira tsiku limenelo, kalembera aliyense watsopano amayamba wadutsa kwa Mayi Angati. Amamuuza kuti akamva zoti anatisiya, kapena anapita, asathamangire cholembera. Afunse kaye ngati munthuyo anachoka ndi miyendo yake kapena anachita kunyamulidwa.

Zoti telalayo anabwerera kwa mkazi wake, imeneyo ndi nkhani ina, ndipo sinathebe. Koma madzulo a tsikulo Mayi Angati anabwerera mu ofesi ya malata ija, anayanika fomu pawindo, n'kubwereka labala kwa kalaliki uja. Anafufuta chizindikirocho pang'onopang'ono kuti pepala lisang'ambike.

“Mukutani?” anafunsa kalalikiyo.

“Ndikuukitsa anthu khumi,” anatero Mayi Angati. “Mmodzi ndi wathu.”