Masamba pa Geti la Loji

A Fanuel Mwale anayamba kukumba manda ndevu zisanamere, ndipo kumudzi kwawo, kufupi ndi Mkaika, palibe amene anaikidwa iwo kulibe. Sukulu anaisiyira panjira, kutchalitchi amakhala benchi lakumbuyo, munda wawo wa mtedza sunadabwitsepo munthu. Ulemu wawo wonse unali pa udzukuluwo. Munthu akamwalira, ndiwo ankathyola masamba n'kuwayala modula msewu, kuti wapanjinga atsike, wagalimoto achepetse liwiro, aliyense adziwe kuti pano pagwa zovuta.

Koma ulemu sugula feteleza. Atakalamba anapeza ntchito yosesa pa loji yatsopano, m'mbali mwa msewu wopita ku Katete. Mwini wake, a Dominic a ku Lusaka, ankakonda chikhalidwe cha Achewa ngati mmene kabawi amakondera anapiye. Anaonerapo mwambo wa Kulamba kamodzi kokha, basi n'kukhala katswiri. Zigoba za gule anazipachika pamwamba pa firiji ya mowa, mumtondo anabzalamo maluwa. Kufunsa ayi.

Pafupi pomwepo panali sitolo ya a Yusuf, Msilamu amene wakhala kuno zaka makumi atatu. Iwo sanapachikepo kanthu pakhoma. Chaka choyamba anangofunsa tanthauzo la masamba a pamsewu, ndipo kuyambira pamenepo amatsika njinga, n'kukakhala pasiwa ndi amuna anzawo mpaka mwambo utatha.

Tsiku lotsegulira loji, a Dominic anaitana a Fanuel.

"Mudala, muike ma leaves pa road monga mumachitila ku village. Mamotoka yonse yamachita slow down. Ni traditional welcome, ka?"

"Bwana, amenewo ndi a maliro."

"Culture imachita evolve, mudala. Ngati simufuna, bantu bofuna nchito ni bambili."

A Fanuel anaganiza za munda wawo wachikasu uja. Anathyola masamba a mango, mtima ukuwawa, n'kuwayala bwinobwino, pakuti manja awo sankadziwa kuyala mwa njira ina.

Magalimoto anachepetsadi liwiro, a Dominic n'kumamwetulira pageti. Kenaka anafika a Yusuf, atatseka sitolo, nkhope ili yakugwa. Pambuyo pawo amayi atasenza nkhuni, ena timabeseni ta ufa. Uthenga woti pa loji pagwa maliro unali utafika kale kumudzi, ndipo kumudziko munthu wogwira ntchito pa loji anali mmodzi yekha. Choncho a Christine, akazi a a Fanuel, anathamanga mtunda wonsewo opanda nsapato, manja ali kumutu, akulira amuna awo. Atafika pageti anadzigwetsa pansi.

A Dominic anatulutsa foni. "Beautiful. Amai, bwezaninso, nenze nikalibe kuyamba ku recorda."

Pamenepo a Christine anadzutsa mutu n'kuona amuna awo ali chilili, tsache lili m'manja, amoyo ngati wina aliyense.

"Bambo a Tamara, masambawa mwayala ndinu?"

A Fanuel anangoyang'ana pansi. Manyazi amene anawagwira sanawamvepo chibadwire. A Yusuf anawerama, n'kutola masamba aja limodzilimodzi, kukawataya kuthengo. Amayi aja anasenzanso nkhuni zawo n'kubwerera kumudzi.

Amati safunsa anadya phula. Koma a Dominic anachita kuuzidwa, phulalo n'kudyetsa wina. Loji ikuyenda bwino mpaka lero, ndipo kanema amene anajambula tsikulo anzawo a ku Lusaka anamukonda kwambiri. Ankati anthu akumudzi amalandira alendo ndi mtima wonse.

Patatha milungu itatu, kumudzi kunagwa maliro enieni. A Fanuel analawirira kumanda, khasu paphewa, monga mwa masiku onse. Panjira anapeza masamba atayala kale wina. Atafika, adzukulu anzawo anasiya kucheza. A Stanley, amene anaphunzira ntchitoyi kwa iwo, anabwera mwaulemu n'kulandira khasu lija ndi manja awiri.

"Pumulani, akuluakulu. Kakhaleni ndi alendo."

Anabwerera pasiwa, n'kukhala pakati pa anthu ochokera kutali amene sankawadziwa n'komwe. Womwalirayo sanali mbale wawo, koma tsiku limenelo a Fanuel analira kuposa anamfedwa.