Phazi la Gule

Fungo la matope a m'munda wa mpunga likangondipeza, mtima sukhalanso m'malo. Limandibwezera ku Mtakataka ndili kamtsikana, tsiku limene gule anatulukira pamaliro atadzipaka matope thupi lonse. Ana anzanga anathawa, koma ine maso anali paphazi lake. Linalibe chala chaching'ono, ndendende phazi la bambo anga, amene Lamulungu lililonse ankatsogolera kwaya kutchalitchi.

"Amayi, taonani! Si ababa awo?" ndinakuwa ndi chimwemwe.

Azimayi oimba anadukiza nyimbo. Amayi ananditseka pakamwa ndi dzanja lonunkha utsi.

"Chimenecho n'chilombo, wamva? Ukufuna kutiphetsa iwe?"

Ndinavomera ndi mutu. Gule uja anaima, nakwirira phazi lija m'fumbi pang'onopang'ono.