Mlonda wa Geti Lopanda Mpanda

Tsiku lililonse, dzuwa lisanafike padenga la shedi, a Zakeyo Mwanza ankaviika nthenga ya nkhuku m'kabotolo ka oyilo wakuda n'kupaka mahinjesi a geti. Akatero ankatsegula loko, kukankha chitseko chakumanja, kenako chakumanzere, n'kulowa pang'onopang'ono ngati munthu wolowa m'tchalitchi. Mbuzi za m'mudzimo zinkakhala zitalowa kalekale, chifukwa getilo linalibe mpanda.

Shediyo ndi ya koparetivi ya alimi, ndipo ili m'mbali mwa msewu wafumbi wopatuka pa Sinda. Anthu amagulitsirapo chimanga ndi nshawa, mvula ikayandikira amalandirirapo feteleza. Zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo bungwe lina lothandiza alimi linamanga zipilala ziwiri za njerwa n'kuikapo geti lachitsulo la penti wobiriwira. Kunabwera bwana wa tayi kudzadula riboni, amayi anavina mpaka fumbi linakwera, ndipo bwanayo analengeza kuti waya wa mpanda ubwera m'gawo lachiwiri la ntchitoyo. Gawo lachiwirilo likadali m'njira.

Tsiku lomwelo komiti inafuna munthu wosunga kiyi, ndipo a Zakeyo anakweza dzanja ena asanamalize kumva funso. Iwo ndi mkamwini, kwawo ndi ku Vubwi. Akhala kwa akazi awo, aNambewe, zaka makumi atatu. Munda ndi wa akazi, nyumba ili pa malo a akazi, ngakhale mtengo wa mango umene anabzala ndi manja awo anthu amati ndi mango wa aNambewe. Pa nkhani za banja amakhala kumbuyo, alamu awo ndiwo amalankhula. Kiyi wa geti ndiye chinthu choyamba chimene mudzi wonse unavomereza kuti n'cha a Zakeyo. Anamumangirira pa chingwe cha nsapato n'kumuvala m'khosi.

Pasanathe chaka, malo onsewo anayamba kutchedwa pa Geti. A njinga zamoto ankafunsa okwera ngati atsikire pa Geti, mayi wa zitumbuwa ankati amagulitsira pa Geti, ndipo a Zakeyo nawo anasanduka aGeti. Dzinali linayamba ngati chipongwe, koma eni ake ankaliyankha mokweza mpaka ochita chipongwewo anatopa.

Vuto linali njira. Njira ya kumjigo ndi kuchigayo inkadutsa pakati pa bwalo la shedi, pafupi kwenikweni ndi chipilala chakumanzere. Amayi a ndowa, ana a sukulu, ng'ombe, onse ankangodutsa pomwepo monga ankachitira geti lisanabwere. A Zakeyo analibe mphamvu yowaletsa, koma anali ndi lamulo lawo: munthu wolowera pambali sankamupatsa moni. Ankamuyang'ana ngati akuyang'ana utsi. Ngakhale aNambewe akamadutsa ndi ndowa pamutu, amuna awo ankatembenukira kumsewu. Za kuswera bwino ankafunsana kunyumba.

Chaka china chingwe chija chinaduka, kiyi n'kugwera kumunda. A Zakeyo anaima kunja kwa geti kuyambira seveni mpaka leveni koloko. Felistus, kalaliki wa pashedi, anali atalowa kale pambali monga mwa masiku onse, ndipo anawachonderera kudzera m'zitsulo za geti kuti angozungulira, palibe amene angawaseke.

"Mwana wanga," anatero a Zakeyo, "ndikazungulira ine, geti latha."

Ngolo zinayi za chimanga zinandanda kumbuyo kwawo, chifukwa eni ake anaona kuti kulambalala munthu wamkulu ataimirira pomwepo n'kupanda ulemu. Wowotcherera zitsulo wa pa Sinda atafika ndi sowo yake anadandaula kuti dzuwa likumuthobwa m'maso, choncho anazungulira chipilala n'kudula lokoyo ali m'kati, pamthunzi. A Zakeyo anayang'ana kumbali mpaka ntchito inatha.

Chaka chatha koparetivi inasankha wapampando watsopano, a Nathan Sakala, mphunzitsi wopuma pantchito, munthu woyenda ndi zolembera zitatu m'thumba la malaya. Pa msonkhano wawo woyamba anafunsa kuti kodi mlonda wa masana amalonda chiyani, popeza shedi ili ndi chitseko chake ndi loko wake. Anati geti lopanda mpanda ndi chokongoletsa chabe, ndipo thumba la chimanga limene a Zakeyo amalandira pamwezi likulipira munthu woyang'anira maluwa. Anagamula kuti pofika nyengo yogula chimanga, ngati mpanda udzakhale palibe, geti lidzazulidwe likatseke khola la nkhumba za koparetivi, kiyi abwezedwe. Anthu anaseka za nkhumbazo. A Zakeyo anagwira pachifuwa pomwe panali kiyi.

Waya panalibe woti agule, ndiye anaganiza zomanga mpandawo okha. Mvula yoyamba itagwa anabwereka wilibala n'kuyamba kututa nthambi za nkhadze ndi mbewu za khonje kumabwinja a kutsidya kwa dambo. Anakumba maenje, anazika mitengo, anapingasa nsungwi, m'mipata n'kuthithikiza minga ya mthethe. Alamu awo ankadandaula kuti mkamwini wasiya munda wa mlongo wawo uli thengo, akupalira bwalo la koparetivi. Tsiku lina utomoni wa nkhadze unawagwera m'diso, ndipo anayenda sabata yathunthu atamanga kansalu kumaso, akuyeza mzere wa mpanda ndi diso limodzi. N'chifukwa chake mbali ya kum'mawa inakhota pang'ono.

Mipata iwiri ya njira ya kumjigo anaisiya mpaka pomalizira. Tsiku loti atseke, aNambewe anawapeza akusongola mtengo, anatula ndowa pansi.

"Inu aMwanza, mukatseka apa, madzi muzikatunga nokha."

A Zakeyo anayankha kuti mpanda wa chiboo si mpanda, n'kupitiriza kusongola. Pofika masana njira inali itatsekedwa mbali zonse ziwiri.

Masabata atatu otsatira anali okoma kuposa ena onse pa moyo wawo. Aliyense wofuna kulowa ankaima pageti n'kuodira. Mbuzi zinkaima kunja zikuyang'ana m'kati ngati anthu ochotsedwa ntchito. Felistus atachedwa tsiku lina anachita kufotokoza chifukwa chake asanamutsegulire. A Zakeyo anagula wenzulo pa Sinda, ngakhale panalibe woimbira, ndipo ankaiyesa okha nthawi ya nkhomaliro.

Amayi a m'mudzi tsopano ankazungulira kuseri kwa munda wa thonje, ulendo wowirikiza kawiri, m'kanjira ka zitsotso ndi minga. Sanapite kukadandaula kwa aliyense. Anangosiya kuwaona a Zakeyo. Mayi wa zitumbuwa, amene kale ankawaponyera chimodzi cha ulere, anasamutsira beseni lake kutsidya kwa msewu. Kunyumba madzi osamba anayamba kuchepa: ndowa inasanduka beseni, beseni linasanduka poto. A Zakeyo ankasamba m'potomo osafunsa, podziwa kuti ntchito zazikulu zili ndi adani.

Mwezi wa Meyi uli pakati, a Sakala anabwera ndi komiti yonse kudzayendera. Anazungulira mpanda wonse, akugwedeza mitengo, akusuzumira pansi ngati pali polowera nkhuku. A Sakala anajambula zithunzi zambiri pafoni kuti atumize ku bungwe lija, ndipo anawerengera anthu mawu amene analemba pansi pa zithunzizo, oti mamembala a koparetivi, motsogozedwa ndi komiti yatsopano, amanga mpanda mwa kudzipereka. A Zakeyo anaoneka pa chithunzi chimodzi, atagwirizira chitseko kuti komiti ikwane bwino.

Kenako onse anakhala pakhonde la shedi. A Sakala anaimirira, nayamikira a Zakeyo kwa nthawi yaitali ndithu. Anati m'boma lonse la Sinda sanaonemo mpanda wolimba chotero, woti ngakhale galu sangayese. Anapempha anthu kuti awombe m'manja katatu, ndipo anawomba.

"A Mwanza, mwagwira ntchito ya amuna khumi. Mpanda umenewu ukulonda wokha. Felistus azitsegula m'mawa, azitseka poweruka. Inu kapumeni, mwakalamba nayo ntchitoyi."

Anawapatsa chipewa cha bungwe chotsala pa msonkhano wina, n'kuwauza kuti kiyi apereke Lolemba. A Zakeyo analandira chipewacho ndi manja awiri, popeza anthu anali akuwomba m'manja kachiwiri.

Atafika kunyumba anapeza nkhani yawatsogolera. Alamu awo anali atakhala pampando wa eni nyumba, ndipo ananena mokoma mtima kuti zachitika bwino, chifukwa khola lawo la ng'ombe likufuna munthu wodziwa mipanda, ayambe sabata yamawa. Alamuwo atachoka, aNambewe anapitiriza kusenda nshawa osakweza mutu. Patapita nthawi anakankhira poto wa madzi kumapazi a amuna awo.

"Zaka zonse zija mpanda kunalibe, ntchito inalipo," anatero.

A Zakeyo anakhala pakhonde mpaka madziwo anazizira. Anaganiza za Lolemba, za khosi lopanda chingwe, za kukhala pakhomo tsiku lonse akumva alamu akuitana kuti mkamwini ali kuti. Anaganizanso za mawu a akazi awo, ndipo anaona kuti ngakhale anawanena mopsa mtima, anali owona.

M'mawa mwake anatenga chikwanje ndi khasu. Sanapite kugeti. Anazungulira kuseri kwa shedi, pamene njira ya kumjigo inkatulukira, n'kudula nkhadze zake zomwe, kuzula mitengo iwiri, kukoka minga n'kukaitaya kutali m'thengo. Anayeza mpatawo ndi mikono kuti mayi wosenza ndowa adutse osakodwa chitenje. Anachitanso chimodzimodzi mbali inayo, kenako anasesa mapazi awo ndi nthambi.

Woyamba kufika anali Dorica, mkazi wa mlembi wa komiti, ali ndi zigubu ziwiri. Anaima, anayang'ana mpatawo, anayang'ana chikwanje chimene chinali chikadali ndi utomoni woyera. A Zakeyo anamutuma kuti akauze amuna ake kuti anthu osadziwika aboola mpanda malo awiri, katundu wa koparetivi ali pangozi, ndipo iwo sangapereke kiyi zinthu zili chonchi. Akhala akulonda mpaka komiti idzakumane. Dorica anati akanena zomwezo, osawonjezera, koma ayambe watunga madzi.

A Zakeyo anabisa chikwanje m'khonje, anatenga mpando wawo n'kuuika pakati pa bwalo, poonekera mipata yonse iwiri. Anavala chipewa cha bungwe chija, nakhala pansi kuyembekezera akuba.